Chipata, Tauni Imene Agogo Athu Anaisenza Pamutu

Mu 1891, azungu atagwirizana zogawana dera lino, anafuna chizindikiro choti chilekanitse dziko lolamulidwa ndi boma la Britain, limene pambuyo pake linadzatchedwa Nyasaland, ndi dziko la kampani ya Cecil Rhodes, ya British South Africa Company. Anasankha madzi a mvula. Anati paliponse pamene mvula ikagwa imatsetserekera kunyanja pakhale mbali ino, ndipo pamene imatsetserekera ku Luangwa pakhale mbali inayo. Malire athu ndi Zambia ndi omwewo mpaka lero. Palibe mtsinje waukulu woti muwoloke, palibe phiri loti likutchingeni. Ndi kamtunda chabe, koti mukhoza kukadutsa panjinga osadziwa n'komwe kuti mwalowa m'dziko la eni.

Ife a ku Dowa ndi ku Ntchisi kamtunda kameneko si kachilendo kwa ife. Mtsinje wa Bua, umene umatilekanitsa ndi anzathu a ku Kasungu usanalowe m'nkhalango ya Nkhotakota, umayambira komweko, m'mapiri a Mchinji. Madzi amene mumawaona pa mlatho uja mukangodutsa Madisi achokera kumalire. Anthunso ndi amodzimodzi. A Banda, a Phiri, a Mwale ali uku ndi uko. Gule ndi yemweyo. Mwezi wa Ogasiti chaka chilichonse mafumu athu amakwera magalimoto kupita ku Mkaika, m'boma la Katete, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo mu 2007 apulezidenti atatu, Levy Mwanawasa, Bingu wa Mutharika ndi Armando Guebuza, anakhala pabwalo limodzi pamwambowo. Mfumu yaikulu ya Mchewa wa ku Dowa imakhala kunja kwa Malawi. Tinangozizolowera, koma ndi nkhani ndithu.

Komabe masiku ano munthu wa pa Mponela akati akupita ku Chipata, sakunena za Kulamba ayi. Akukaoda katundu. Azakhali anga ali ndi kagolosale ndi benchi ya zitenje pa Mponela pomwepo, ndipo ulendowu akhala akuuyenda zaka zoposa khumi. Mwezi wa Julayi wathawu ndinawaperekeza, ine ntchito yanga kunyamula zikwama. Za ulendowo ndinena kutsogoloku. Ndiyambe ndafotokoza mmene tauniyo inabwerera pamenepo, chifukwa ife a kumapiri kuno njira imeneyi tinayamba kuiyenda tauniyo kulibe, ndipo pamene inkamangidwa tinali pomwepo, katundu ali pamutu.

Azungu asanafike, malonda aakulu ankachokera kumadzulo kupita kunyanja. Minyanga ya njovu ya m'chigwa cha Luangwa, mkuwa wochokera kutali ku Katanga, ndiponso anthu ogwidwa ukapolo, zonsezi zinkadutsa kwa Mwase ku Kasungu n'kutsikira ku Nkhotakota, kumene Jumbe woyamba, Salim bin Abdullah, anakhazikika cha m'ma 1840. Kumeneko ankazipakira m'zombo n'kuwolotsa nyanja, ulendo wa ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Pobwerera kunkabwera nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Abisa ndiwo anali akatswiri a maulendo a kumtundawa. Phiri la Ntchisi linali m'mbali mwa njirayo, ndipo kwa makolo athu linali pothawira kukavuta. Pansi pa malonda aakuluwo panali ena aang'ono, a anthu wamba: makasu, mchere, fodya, mbuzi, kusinthana mudzi ndi mudzi. Amenewa ndiwo sanathepo.

Kenako kunabwera Angoni. Zwangendaba anawoloka Zambezi mu 1835, ndipo atamwalira gulu lake linagawikana. Mwana wake Mpezeni anazungulira kwambiri asanadzakhazikike, cha m'ma 1870, m'mapiri ozungulira pamene pali Chipata lero. Kuno ku Dowa kunakhazikika Chiwere ndi anthu ake. Choncho kumapeto konse kuwiri kwa njira imene azakhali amayenda lero kunali Angoni ochokera m'gulu limodzi.

Chuma cha Mpezeni chinali ng'ombe, koma chimene chinamuphetsera dziko chinali mphekesera ya golide. Mjeremani wina wamalonda, Carl Wiese, anakhala kwa Mpezeni zaka zingapo n'kutuluka ndi chipepala chonena kuti mfumu yam'patsa ufulu wa migodi m'dziko lonselo. Chipepalacho chinadzagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration Company, ndipo azungu ofufuza golide anayamba kuyendayenda m'midzi ya Angoni ngati kwawo. Achinyamata, motsogozedwa ndi Nsingo mwana wa Mpezeni, anakana. Mu Januwale 1898 asilikali anatumizidwa kuchokera mbali yathu ino, Asikhi ochokera ku India pamodzi ndi asilikali achikuda olembedwa kuno, ali ndi mfuti za Maxim ndi mizinga. Nkhondoyo sinatenge nthawi. Nsingo anagwidwa n'kuwomberedwa. Mpezeni, nkhalamba kale, anam'tengera ku Fort Manning n'kumusunga kumeneko pafupifupi chaka. Ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. Golide woti n'kutsegulira mgodi waukulu sanapezeke n'komwe.

Fort Manning ameneyo ndiye Mchinji. Dzinalo linachokera kwa William Manning, mkulu wa asilikali amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Tsidya linalo anamanga Fort Jameson, dzina la Leander Starr Jameson, mnzake wapamtima wa Rhodes. Ndiye Chipata wa lero. Matauni awiri amene timakagulako zitenje ndi mafuta ophikira anabadwa ngati malinga a asilikali oyang'anira Angoni ogonja.

Apa ndi pamene kwathu kumalowa m'nkhaniyi mokwanira. Poyamba dziko la North-Eastern Rhodesia ankalilamulira ali ku Blantyre. Mu 1899 Robert Codrington anasamutsira likulu ku Fort Jameson, ndipo linakhala komweko mpaka 1911, pamene anaphatikiza maiko awiri a kampaniyo kupanga Northern Rhodesia. Tangoganizani likulu la dziko lopanda njanji, lopanda msewu wopita kumadzulo. Lusaka pa nthawiyo sanali kanthu. Chilichonse chimene mzungu wa ku Fort Jameson ankafuna, malata, misomali, mapepala a muofesi, nsalu zolipira antchito, mabotolo a mowa, chinkachokera kum'mawa. Katundu wina ankadzera ku Tete. Wina ankatsika sitima yapamadzi ku Chinde, n'kukwera Zambezi ndi Shire, n'kudutsa Blantyre, n'kudzakwera sitima yapanyanja mpaka ku Domira Bay kapena ku Nkhotakota. Domira Bay ali m'munsi mwa mapiri athuwa, m'boma la Salima. Kuchoka pamenepo kunalibenso sitima. Ng'ombe zokoka ngolo zinkafa ndi kashembe m'malo ambiri. Chinatsala ndi mutu wa munthu.

Ankati mtengatenga. Mtolo umodzi unkalemera pafupifupi makilogalamu 25, ndipo mwamuna ankausenza kuchokera kunyanja, kukwera chitunda cha ku Dowa, kudutsa chidikha chonse mpaka ku Fort Manning ndi ku Fort Jameson, masiku ambirimbiri, opanda nsapato, ufa wake wodya panjira uli pamwamba pa mtolowo. Amene munakwerapo chitunda chochokera ku Salima pa minibasi, injini ikulira ngati ifa, mukudziwa chimene ndikunena. Azungu eni ake sankayenda pansi kawirikawiri. Ankagona m'machila, anthu n'kumawanyamula mosinthana. Waya wa telegalafu wa Rhodes, umene ankafuna kuti uchoke ku Cape kukafika ku Cairo, unali ndi nthambi yochokera ku Domira Bay kupita ku Fort Jameson, ndipo mitengo yake yachitsulo inayendanso pamapewa a anthu.

Nanga munthu wanzeru zake ankasiyiranji munda wake n'kukasenza malata a mzungu? Msonkho. Boma linaika msonkho wa nyumba, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 linakonza kuti munthu azilipira mashereni 6, koma akagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi azilipira 3 okha. Ndalama m'mudzi munalibe. Amene sanafune kuthawira ku Harare kapena ku Joni ankalowa mtengatenga. N'chifukwa chake ndikamaona nyumba zakale za njerwa zofiira ku Chipata sindiziona ngati zachilendo. Zina mwa zitsulo zimene zinafika kumeneko zaka zoyambirirazo zinadutsa kwathu, pamitu ya anthu amene mayina awo sanalembedwe pa chikwangwani chilichonse.

Njira yomweyo inanyamulanso mpingo. Amishoni a Dutch Reformed anafika ku Mvera mu 1889, m'dziko la Chiwere, ndipo mu 1894 anatsegula Kongwe, kumene lero kuli sekondale ya Robert Blake. Mlaliki wina wa ku Kongwe ndiye anakafika kwa Mpezeni n'kubwerako ndi uthenga woti kumeneko akufuna aphunzitsi, ndipo pa 5 Julayi 1899 amishoni anamanga msasa ku Magwero, pafupi ndi Fort Jameson. Mpingo wa Reformed Church in Zambia unayambira pamenepo. Buku Lopatulika, limene ntchito yambiri yolimasulira inachitikira ku Mvera, linkawerengedwa mbali zonse ziwiri. Mwina n'chifukwa chake agogo a ku Chipata akayamba kupemphera mumangomva ngati muli ku Kongwe, pamene adzukulu awo pamsika akukuuzani kuti "nifuna" ndi "manje".

Amwenye oyamba kulowa mu Northern Rhodesia anafikira ku Fort Jameson cha m'ma 1905, kudzera kuno ku Nyasaland. Sitolo zawo zinamera m'dera limene mpaka lero limatchedwa Down Shops. Anzawo anatsegulanso sitolo m'maboma ndi m'misika ya kwathu kuno, makamaka fodya atayamba kubweretsa ndalama ku Lilongwe ndi ku Dowa m'zaka za m'ma 1920. Kusiyana kunadza m'ma 1970, pamene boma la Kamuzu linalamula kuti amwenye achoke m'madera a kumudzi azikachita malonda m'mizinda yokha. Sitolo zawo zambiri zinasanduka mabwinja, Chipiku n'kumayesa kutseka mpatawo. Ku Chipata amwenye anakhalabe, mibadwo inayi kapena isanu pa khonde limodzi. Amene amadabwa kuti bwanji tauni ya kumalire ili ndi maholoselo ochuluka chonchi ayambire pamenepo.

Nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963, malirewo anali ngati kulibe. Ndalama inali imodzi, boma lalikulu limodzi ku Salisbury. Chitaganyacho tinachikana, ndipo tinachita bwino, koma ufulu utabwera mu 1964, ife mu Julayi, anzathu mu Okutobala, kamtunda kaja kanasanduka malire enieni, a mbendera ndi zidindo. Zambia inatulutsa kwacha yake mu 1968, ife yathu mu 1971. Dzina limodzi, mawu athu omwe, koma iwo kwacha ndi ngwee, ife kwacha ndi tambala. Kuyambira pamenepo mbiri ya malonda a pa Mchinji ndi Chipata ndi mbiri ya makwacha awiriwa, ina ikakwera ina ikatsika.

Atsogoleri nawo sankamwerana madzi. Kamuzu ankagwirizana ndi South Africa ndi Apwitikizi, Kenneth Kaunda ankasunga omenyera ufulu, kuphatikizapo Amalawi othawa Kamuzu. Mu 1968 Kamuzu ananena poyera kuti malire enieni a Malawi amayenera kukafika ku Luangwa, zimene zikanatanthauza kuti Chipata ndi wathu. Kaunda sanaseke nazo. Chodabwitsa n'chakuti bambo ake a Kaunda, David Kaunda, anali wochokera kuno, mphunzitsi wa Livingstonia amene anakatumikira ku Lubwa, ndipo m'ma 1990 adani ake andale anagwiritsa ntchito nkhani yomweyo pomuletsa kupikisananso, ati ndi Mmalawi. Mu 1972, a Mboni za Yehova atayamba kusakidwa chifukwa chokana kugula makadi a chipani, zikwi zambiri anawoloka kamtunda komweko usiku kupita ku msasa wa Sinda Misale. Patapita zaka zochepa ambiri a iwo anadzatsekeredwa ku Dzaleka, kuno ku Dowa. Njira zam'tchire zimene lero timangoti n'zozembetsera soya zinapulumutsapo miyoyo ya anthu.

Chimene achinyamata anzanga ambiri sadziwa n'chakuti katundu sanali kuyenda mbali imene akuyenda lero. Mtengo wa mkuwa utagwa cha m'ma 1975, chuma cha Zambia chinalowa pansi. M'ma 1980 sitolo za boma kumeneko zinali mbee, anthu ankagona pamzere kudikira ufa, sopo, mafuta ophikira. Mu 1986 ndi mu 1990 kunabuka zipolowe chifukwa cha mtengo wa ufa. Nthawi imeneyo a ku Chipata ndiwo ankabwera ku Mchinji kudzafuna shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndipo kwacha yathu inkapatsidwa ulemu. Akuluakulu a pa Mponela akamakamba za masiku amenewo nkhope zimawala, ngati akunena za timu imene inatenga chikho kalekale. Sanena kuti nthawi yomweyo mlimi wa ku Dowa ankagulitsa mtedza ndi fodya wake ku ADMARC pamtengo wouzidwa, ndipo kufunsa kunali kuputa mlandu. Koma za shuga zija n'zoona.

Zinthu zinatembenuka pang'onopang'ono. Frederick Chiluba atalowa mu 1991 anatsegula msika, mafakitale ambiri a boma anafa, kuphatikizapo ya njinga za Eagle ya ku Chipata komweko, koma sitolo zinadzaza. M'ma 2000 mkuwa unakweranso mtengo. Makampani a ku Lusaka ndi ku Ndola anayamba kupanga sopo, zakumwa, mabisiketi, simenti, zochuluka zoti n'kugulitsa kunja. Ife tinakhalabe ndi fodya wathu. Mu 2011 ndi 2012, mafuta a galimoto atasowa m'dziko muno, zigubu zinkawoloka kuchokera ku Chipata usana ndi usiku. Mu Januwale 2013 Zambia inachotsa maziro atatu pa ndalama yake. Ife mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Mu 2017 Chipata analengezedwa kukhala mzinda. Mchinji akadali boma la msewu umodzi.

Tsopano za ulendo uja. Tinanyamuka pa Mponela kusanache, kuzizira kwa Julayi kuli kolasa m'mafupa. Tinatsika mu Lilongwe n'kukwera ina ya ku Mchinji, makilomita pafupifupi 110, kudutsa Msundwe, Namitete, Kamwendo. Pa boma tinalowa m'kagalimoto kakang'ono, anthu asanu ndi awiri m'malo mwa anayi, ulendo wa makilomita 12 otsalawo. Azakhali ndalama anali atazigawa patatu: zina m'chikwama, zina m'kathumba kosokera m'kati mwa siketi, zina m'sokosi yanga.

Musanatsike n'komwe galimoto, osintha ndalama akuzingani kale, mipukutu ili m'manja, kakyuleta ili pafoni.

"Amayi, tisinthe kuno, reti yabwino ili kwa ine."

Azakhali sanayankhe aliyense. Anapita kwa mnyamata wawo amene amasintha naye nthawi zonse, n'kuwerenga kawiri, iye n'kuwerenganso. Ndinaima pambali kuonerera mtolo wathu, umene pa Mponela unkaoneka ngati chuma, ukusanduka timapepala tochepa toti n'kulowa m'thumba la malaya. Kwacha imodzi ya kumeneko imadya makwacha athu makumi angapo. Ku yunivesite tinaphunzira za kugwa kwa ndalama pa bolodi, ndi mizere yokhotakhota. Pa Mwami mumakuona m'manja mwanu.

"Iwe usamayang'ane choncho ngati wafedwa," anatero azakhali. "Akakuona nkhope yotero akukweza mtengo."

Nyumba ya pamalire ndi yatsopano. Anaitsegula mu Disembala 2022 a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, ndipo anaimanga ndi ndalama za African Development Bank kuti munthu aziima malo amodzi m'malo mwa awiri. Kale mumadinditsa mbali ino, n'kuyenda, n'kukaimanso pamzere mbali inayo. Tsopano maofesala a maiko onse awiri ali pansi pa denga limodzi. Kwa oyendetsa mathiraki kusinthaku n'kwakukulu. Kwa ife oyenda pansi, tinadutsa msanga ndithu, ndisaname.

Chipata ali m'chigwa, mapiri atamuzungulira, ndipo pa khutu la Mchewa dzinalo limamveka bwino lomwe: khomo lolowera. Choyamba kuona ndi njinga, zambirimbiri, za kabaza ndi zonyamula makala. Ku Down Shops makonde ndi akale, mzikiti uli pafupi, m'sitolo zitenje zaunjikidwa mpaka kudenga. Azakhali ankagwira nsalu iliyonse ndi zala ziwiri, kuitikita pang'ono, kuinunkhiza, n'kuibweza kapena kuiika pambali osanena kanthu. Mtsikana wogulitsa atamva kalankhulidwe kathu anaseka.

"Ndimwe a ku Malawi ka? Kwacha yanu ichira liti?"

"Ikachira mudzabwera ndinu, ngati amayi anu kale," anayankha azakhali, maso ali pa nsalu.

Onse awiri anaseka, ndipo mtengo unatsikako pang'ono. Ku msika wa Kapata ndinamva Chichewa cha ku Lilongwe, cha ku Kasungu, cha ku Dedza. Ndinaonanso zinthu zathu: usipa, mbatata, mpunga umene wogulitsa ankalumbira kuti ndi kilombero wa ku Karonga. Zimene timatumiza n'zochokera m'munda ndi m'nyanja. Zimene timabwera nazo n'za m'mapaketi, zolembedwa dzina la kampani. Nsingo akanadzuka lero sakanadziwa Boom kapena maheu a m'botolo, koma kasinthanidwe kameneka, zosakonza kupita uko, zokonzedwa kubwera kuno, akanakazindikira msanga.

Pobwerera ndi pamene pamakhala nkhani. Bungwe la COMESA linakhazikitsa ndondomeko yothandiza amalonda aang'ono, imene Malawi ndi Zambia anayamba kuigwiritsa ntchito pa Mchinji ndi Mwami mu 2010. Ngati katundu wanu ndi wopangidwa m'maiko awiriwa, ali pa mndandanda umene anagwirizana, ndipo mtengo wake sukupitirira mlingo umene anaika, mumadzaza fomu yaifupi ndipo simulipira msonkho wolowetsera katundu. Pali ngakhale desiki yothandiza anthu kudzaza mafomuwo. Ndi chinthu chabwino. Vuto lake n'lakuti misonkho ina, monga VAT, imakhalapobe, ndipo katundu wambiri amene amayenda malonda, zitenje zambiri, nsapato, ziwiya zapulasitiki, ndi wochokera ku China kapena kwina, sali pa mndandandawo. Mayi wa mpamba wochepa akawerengera thiransipoti, kusintha ndalama, msonkho, chakudya, amapeza kuti phindu latsala la sopo basi.

Ndiye ambiri amachita zimene aliyense amadziwa koma sanena mokweza. Katundu amam'patsa mnyamata wa njinga, iwo n'kudutsa pa geti ndi kachikwama ka m'manja. Mnyamatayo amalowa m'tinjira ta m'minda, makatoni atamangidwa mpaka kupitirira mutu wake, n'kukakumana nawo kutsogolo. Akagwidwa, njinga ndi yake imene ilandidwe. Akagwa m'chigwembe, msana ndi wake. Amalipidwa pa katoni, monga agogo ake ankalipidwa pa mtolo. Ndinawaona anyamatawa atakhala pansi pa mtengo kudikira makasitomala, ena aang'ono kwa ine, ena oti anakhoza fomu 4. Sindinathe kuwaona ngati mbava za msonkho. Zoona, boma likufunika ndalama, zipatala zathu zilibe mankhwala. Koma amene amalanda dziko lino ndalama zenizeni sayenda panjinga. Nyengo yokolola mavenda amagula soya ndi mtedza pa Mponela, pa Madisi, pa Nambuma ndi ku Ntchisi pa mtengo wolira, ndipo matumba ambiri amatuluka m'dziko pa mathiraki, ndalama zakunja zake osabwerera ku banki iliyonse ya kuno. Boma likaletsa kutulutsa chimanga, mtengo wa kwa mlimi umagwa, ndipo amene ali ndi thiraki ndi anzake oyenera amapindula kawiri.

Azakhali iwo amadutsa pa geti ndi katundu wawo yense. Ati anaonapo mnzawo atataya mpamba wonse tsiku limodzi, ndipo mtima wawo sungapirire zotero. Analipira, analandira lisiti, n'kuipinda bwinobwino. Komabe penapake panjira, dzuwa litapendeka, munthu wina wovala yunifolomu anaimitsa galimoto, n'kuyang'ana lisitiyo nthawi yaitali ngati akuwerenga kalata ya chibwenzi, kenako n'kunena kuti kunja kwatentha, pakhosi pauma. Mu Julayi, ife tonse tili m'majuzi. Azakhali anatulutsa kandalama kamene anali atakonzeratu. Zimenezinso zili mu bajeti yawo.

Pafupi ndi msewuwo pali njanji. Yathu inafika ku Salima mu 1935, ku Lilongwe mu 1979, ku Mchinji mu 1980. Kachigawo kotsala kokafika ku Chipata, kosakwana makilomita 30, anakayamba mu 1982 n'kudzakatsegula mu 2010, nthawi ya Rupiah Banda ndi Bingu. Zaka 28. Cholinga chinali choti katundu wa kum'mawa kwa Zambia azitulukira ku doko la Nacala, ndiye kuti njira yakale ija, yochokera kumadzulo kupita kumadzi, ibwerere pa zitsulo. Tsiku lonse limene tinali kumeneko sindinaone sitima. Ndinaona mbuzi, ndi amayi awiri atasenza mitolo ya nkhuni akuyenda pakati pa njanjiyo chifukwa ndi powongoka.

Tinafika pa Mponela cha m'ma 9 koloko usiku, magetsi atazima. Azakhali anayatsa tochi ya pafoni, anandipatsa kuti ndigwire, n'kutsegula kope lawo la masamu. Analemba zonse: minibasi, kusintha, msonkho, nsima ya pa Kapata, za wa pakhosi pouma uja. Kenako anagawa pa chitenje chilichonse, n'kukhala chete kanthawi.

"Ndikakweza kufika apa sagula," anatero, cholembera chili pa nambala. "Fodya chaka chino anthu adya kale."

Anafufuta, n'kulemba ina yotsikirapo.

"Mwezi wamawa upitanso, eti? Koma usadzavale nsapato zimenezo, umachedwetsa anthu."